Chaka Chimene a Chirwa Anataya Raison

Mzimba Boma, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Ana anga, za kwathu ku Dowa mukuzidziwa kale, ndipo za ku koleji ya uphunzitsi ndilibe chokuuzani kupatula nyemba zofumbwa. Ndiyambira pamene ntchito inayambira. Boma linanditumiza ku sekondale ina kufupi ndi Mzimba Boma kuti ndikaphunzitse Chifalansa, ndili mtsikana wosakwatiwa, wosadziwa ngakhale moni wa Chitumbuka. Ndinatsika basi ndi sutikesi imodzi ndi mbaula yamakala. Amene anadzandichingamira anali bambo wamtali, woonda, wa imvi za m'mbali, atavala jekete lothetheka m'zigongono. Atangondiona anayamba kundilankhula Chifalansa pomwepo pa depoti, pakati pa amayi ogulitsa nthochi ndi mbatata. Ine ndinachita chibwibwi. Chifalansa changa chinali cha m'mabuku, chinali chisanatulukepo panja kukaombedwa ndi mphepo.

"Musadandaule, madamu," anatero m'Chichewa chawo cha kumpoto. "Chilankhulo chili ngati njinga ya mnzako, masiku oyamba imakugwetsa. Ine ndine Chirwa. Pasukulu pano a Chifalansa tikhala awiri, mbwenu tizigwirizana."

A Chirwa anaphunzira Chifalansa kwa ansembe achizungu, ndipo ali mnyamata anawatumizako ku Falansa kukaonjezera maphunziro. Atabwerako sanafune ntchito za m'maofesi ku Lilongwe, anabwerera kwawo kudzagwira choko. Mkazi wawo aliyense ankawaitana kuti a Nyagondwe, mayi wamfupi, wolimba, wosaseka chisawawa. Miyezi yanga yoyamba, nyumba yanga isanakonzedwe denga, ndinkagona kwawo. A Nyagondwe ndi amene anandiphunzitsa kunena yewo, kugwada polonjera akuluakulu a kumeneko, ndi kusankha nyama pamsika wa pa Boma osapusitsidwa. Ine ndinkawaitana amama, ndipo pamene ndinakwatiwa ndi bambo anu, amene nthawi imeneyo ankathandiza madokotala kuchipatala, ndi a Nyagondwe amene anandimanga mpango kumutu.

Ntchito inali ya umphawi. Buku limodzi ana ankalizungulira ngati nkhuku pa madeya. Wailesi ya kaseti inalipo, koma mabatire ankasowa, choncho a Chirwa ankawerenga okha zokambirana za m'makaseti, akusintha mawu, pano mayi wogula buledi, pano wogulitsa, ana n'kumaseka mpaka misozi. Choko chikatha tinkalemba pabolodi ndi chinangwa chouma. Ahedi athu, a Msiska, anali munthu wa sayansi, wokonda dongosolo ndi chikwapu, ndipo Chifalansa ankachiona ngati kutaya nthawi. Pamsonkhano wa aphunzitsi ankakonda kufunsa kuti, "Ana amenewa Chifalansacho adzalankhula ndi ndani, ng'ombe za agogo awo?" A Chirwa ankangovula magalasi n'kumawapukuta ndi tayi.

Tsiku lina funso lomwelo linatuluka m'kalasi. Ndinali nditakhala kumbuyo kwa Fomu 2, kuonerera mmene a Chirwa, mkulu wanga pantchito, ankaphunzitsira. Mtsikana wina wotchedwa Tiwonge, wanzeru koma wodwaladwala mphumu, anakweza dzanja n'kufunsa kuti chifukwa chiyani akuvutika ndi chilankhulo cha anthu amene sadzawaona. A Chirwa anatenga chinangwa chija n'kulemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu: raison.

"Wafunsa chifukwa," anatero. "A Falansa chifukwa amati raison. Koma mawu awa sanawapange okha, anawatola kwa Aroma akale, amene m'Chilatini ankati ratio. Ndipo ratio poyamba sikunali kuganiza zakuya ayi. Kunali kuwerengera, monga amama ako amayang'ana nkhokwe n'kuwerengera ngati ifika kumasika. Muzu wake ndi mneni wakuti reri, kuwerenga ndi kuyesa zinthu mumtima. Mawuwo anayenda pakamwa pa anthu mibadwo yambiri, akuphwanyika pang'onopang'ono, monga ife tinaphwanyira mawu a azungu n'kupeza supuni ndi sukulu, mpaka anakhala raison. Angerezi nawo anabwereka kwa a Falansa." Anaima pang'ono, kenako anapitiriza. "Tsono taona. Ife tili ndi chifukwa, tili ndi nzeru, tili ndi kulondola. Iwo zonsezi anaziika m'thumba limodzi. Chimene chakuchititsa chinthu ndi raison. Chimene chimakusiyanitsa ndi mbuzi ndi raison. Ukanena zoona pamkangano, sati walondola, amati uli nayo raison, ngati ndi katundu wa m'manja. Ndiye ukandifunsa raison ya phunziro ili, ukundipempha kuti ndikuwerengere phindu lake. Sindingathe, mwana wane. Ndikungodziwa kuti ine ndinakula ndikuganiza kuti dziko limathera pa mtsinje wa kumudzi kwathu, ndipo chilankhulo ichi chinandiuza kuti ndinanama."

Tiwonge sanaoneke wokhutira, koma Chifalansa sanachisiye. Ine ndinatuluka m'kalasimo ndikudziwa kuti ndapeza mphunzitsi wanga weniweni.

Zaka ziwiri pambuyo pake

Zinayamba pang'onopang'ono, mwakuti sindingathe kunena tsiku. A Chirwa, amene sankachedwapo, anayamba kufika belu litalira kale, maso ali ofiira, akununkha thukuta la dzulo. Anayamba kubwereza phunziro limodzi sabata yathunthu. Kenako anayamba kundinong'oneza kuti a Msiska aika anthu oti azimvetsera pazenera, ndi kuti wailesi ya kaseti ija imatumiza mawu awo ku Lilongwe. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa kalasi akuikwirira wailesiyo m'dzenje. Ndinaifukula iwo atachoka, sindinauze munthu.

Ana a Fomu 4, kalasi ya Tiwonge ija, mayeso anali atayandikira. Ndinayamba kuwaphunzitsa masana ataweruka, pansi pa mtengo, mwakachetechete, kuti ndikwirire zimene mkulu wanga ankasiya. Anawo ankadziwa zonse, koma ankawakonda a Chirwa, ndipo palibe amene anatulutsa nkhani kunja. Bambo anu nditawauza anandiyankha mosazungulira. Anati amenewa ndi matenda a muubongo, ali ndi mankhwala, ndipo kuchedwa ndi kumene kumapha. Ndinapita kwa a Nyagondwe ndi mawu amenewa. Ndinawapeza akusenda mbatata pakhonde la kuseri, ndipo anandimvetsera osakweza mutu.

"Ukuganiza kuti ine sindikuona?" anatero. "Munthu ndimagona naye nyumba imodzi. Sagona, amangoyenda. Koma adada awa ndi mkulu wa mpingo, ali ndi ana aakazi osakwatiwa. Kuno ukangonena kuti wakufuntha, kuti wapenga, mbwenu dzina latha, la iye ndi la ana ake. Ntchito yatsala pang'ono kuti apume. Ndapota, mwana wane, tiwabise mpaka apume. Tikupemphera."

Ndinavomera. Ndinali nditadya m'mbale zawo, ndikanakana bwanji? Tinabisa teremu yonse yachiwiri ndi gawo la yachitatu.

Zinaphulika mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. M'mawa umenewo a Chirwa analowa mu Fomu 4, anatseka chitseko ndi kiyi n'kumuika m'thumba, anatsekanso mazenera onse. Anauza ana kuti pakati pawo pali kazitape, ndipo palibe atuluke mpaka aliyense apereke raison imene wabwerera kusukulu. Ine ndinali ndi kalasi ina kutali, ndipo a Msiska anali atapita ku maofesi pa Boma. Ndinadziwa nthawi ya nkhomaliro itadutsa, nditaona kuti ana a Fomu 4 sanapite kukadya. Nditasuzumira pagalasi ndinaona ana atakhala chete, thukuta lili kamukamu, a Chirwa ataima pachitseko atagwira mwendo wa desiki yothyoka. Tiwonge anali atagona pansi, anzake awiri akumukupiza ndi makope. Chifuwa chake chinkakwera ndi kutsika ngati cha nkhuku yothamangitsidwa, milomo itayamba kuda.

Ndinagogoda pagalasi n'kuwalankhula m'Chichewa. Sanatembenuke. Ndinayesa Chitumbuka changa chothyokathyoka, osathandiza. Kenako ndinawalankhula m'Chifalansa, mwaulemu, monga mlendo wopempha kulowa m'nyumba ya munthu. Ndinati ndine mnzawo wa ntchito, ndabwera kudzatenga mwana wodwala, ndipo ndiwayang'anira ndekha otsalawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika mtengo uja pansi, anatulutsa kiyi, anatsegula, n'kundiweramira pang'ono monga ankachitira masiku abwino. Anyamata anamunyamula Tiwonge kuthamangira naye kuchipatala pa njinga. Bambo anu anandiuza madzulo kuti tikanachedwa pang'ono tikanalira maliro.

Madzulo omwewo a Nyagondwe anabwera kwathu. Mayi amene ine ndinkamugwadira anagwada pasimenti ya khonde langa.

"Ana avomera kuti sanena," anatero. "Anena kuti mtsikanayo anangokomoka ndi kutentha. Watsala iwe. Ndiwatengera kumudzi Loweruka, ndikawapumitse, abwerako ali bwino."

"Amama, dzukani," ndinatero. "Kumudzi kulibe mankhwala. Akabwerako adzalowanso m'kalasi. Lero Mulungu watichitira chifundo, mawa mwana wa munthu akafa tidzati chiyani kwa mayi ake?"

"Ndiye ukufuna ukamuvule mwamuna wanga pamaso pa anthu."

"Ndikufuna apite kuchipatala."

Anadzuka, anasasa chitenje m'maondo. "Ndinakuyesa mwana," anatero, n'kumapita.

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya a Msiska n'kuwauza zonse. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti zichitike mwakachetechete: bambo anu anali okonzeka kubwera ndi mnzawo wa kuchipatala, tiwanyengerere a Chirwa kukwera galimoto ngati tikupita kumsonkhano ku Mzuzu. A Msiska anagwedeza mutu ngati amva. Koma anali ndi mantha ndi makolo a Tiwonge, ndipo ankafuna kuti aliyense aone kuti iwo achitapo kanthu. Anaitana amuna anayi amphamvu ochokera pamsika, ndipo anawagwira a Chirwa pabwalo la sukulu ana onse ali pamzere wa m'mawa. Anawagwetsa pafumbi, magalasi anasweka, anawamanga manja ndi miyendo ndi chingwe cha ng'ombe. Atsikana ankalira. A Nyagondwe anaima patali atagwira pakamwa. Sanayang'ane amuna awo, ankayang'ana ine.

Ndinakwera nawo kumbuyo kwa galimoto ya bokosi, ine ndi bambo anu, chifukwa a Nyagondwe anakana kukhala pamodzi ndi ine ndipo anakwera kutsogolo. Titadutsa mphambano n'kulowa msewu waukulu wa ku Mzuzu, bambo anu anawamasula miyendo. Tinayenda mpaka ku Chikangawa. Tinkadutsana ndi malole odzaza matabwa, paini ali mbali zonse, utsi wa macheka uli tolotolo m'zigwa. Pamenepo a Chirwa anatembenuka n'kundiyang'ana ndi maso awo akale, odekha.

"Madamu," anatero, "ndinaiwala kuwauza ana chinthu chimodzi. A Falansa munthu akafika pamene ndafika ine, amati wataya raison. Sati yafa. Amati wataya." Anayang'ana chingwe cha m'manja mwawo. "Chinthu chotayika nthawi zina chimapezeka. Mukawauze zimenezo, asachite mantha."

Ndinalonjeza, ndipo ndinakawauzadi. Ana aja analemba mayeso, ambiri anakhoza, Tiwonge anakhoza bwino kuposa onse. Chaka chotsatira a Msiska anachotsa Chifalansa pasukulupo, akuti mphunzitsi mmodzi sangakwanitse, ndipo makolo ena anali atayamba kunena kuti chilankhulocho ndi chimene chimazunguza mutu. Pamzere wa nyumba za aphunzitsi akazi anzanga anasiya kundibwereka mchere. Kutchalitchi benchi imene ndinkakhala inayamba kukhala ndi malo ambiri. Iwe Tadala unali pamsana nthawi imeneyo, sungakumbuke. Ngati mukufuna kudziwa ngati ndinadandaula kuti ndinanena, yankho ndi ayi. Ndikanati ndibwerere lero, ndikanalowanso mu ofesi ija. Koma kulondola sikunandipatse tulo.

Kum'mwera kwa Mzimba, chaka cha njala cha 2002

Ananditumiza ku sekondale yoyendera kum'mwera kwa boma, kufupi ndi malire a Kasungu, dera la alimi a chimanga ndi fodya. Kumeneko Chifalansa kunalibe. Ndinkaphunzitsa Chichewa kwa ana amene kunyumba ankalankhula Chitumbuka, ndi phunziro lililonse limene linalibe mwini. Ahedi a kumeneko anali munthu wofatsa, koma wotopa, amene nthawi zambiri ankakhala kumunda kwake. Makalasi ena analibe zitseko, mbuzi zinkagonamo. Njala itafika pachimake ana anayamba kuchepa m'kalasi. Otsalawo ankabwera atadya mango owiritsa aawisi kapena gaga, ndipo ikamakwana nthawi ya masana mitu inkagwera pamadesiki. Atsikana awiri a m'kalasi langa anakwatiwa chaka chimenecho ndi ogula fodya, osati mwa chikondi. Tinaika mnyamata mmodzi wa Fomu 1, amene anadya mizu yosadziwika. Chifalansa changa chinayamba kuchita dzimbiri, ndipo sindinachidandaule kwambiri. Panali zina zolira.

Kumudzi kwa a Chirwa kunali kudera lomwelo, ulendo wa njinga. Nkhani zawo ndinkazimva kwa ana asukulu. Anakhala kuchipatala ku Mzuzu miyezi ingapo, anatuluka ali bwino ndithu, akudziwa aliyense, ndipo anawapumitsa ntchito. Koma mankhwala ankafunika kukatenga kutali mwezi ndi mwezi, ndipo m'chaka ngati chimenecho ndani akanasiya kusaka chakudya n'kukwera minibasi kukatenga mapiritsi? Matenda anabwerera. Abale anawatengera kwa asing'anga, kenako kwa opempherera, kenako anangowasiya.

Loweruka lina ndinamanga ufa pang'ono pa njinga, umene bambo anu anatumiza kuchokera ku Boma, n'kupita. Sindinafike pakhomo. A Nyagondwe anandiona ndikutsika njinga pafupi ndi chigafa cha fodya, ndipo anabwera kudzandiimitsa panjira. Anali ataonda mpaka ndinawazindikira ndi kayendedwe kokha.

"Monire, amama," ndinatero, nditagwada.

"Mwabwera kudzaona ntchito yanu, madamu?" Kale ankandiitana kuti iwe, ngati mwana wawo. Tsiku limenelo anandiitana kuti inu, ndipo ulemu umenewo unandipweteka kuposa chitonzo.

"Ndabwera kudzawaona adada. Ndabweretsako kaufa."

Anayang'ana thumbalo nthawi yaitali. Kumbuyo kwawo kunali adzukulu awiri a mimba zotupa. Anatambasula manja n'kulandira, chifukwa njala ilibe manyazi, koma nkhope yawo sinasinthe.

"Yewo chifukwa cha ana awa," anatero. "Koma adada simuwaona. Mwana wathu wamkulu ukwati wake unatha usanayambe, a kuchimuna anati kubanja kuno kuli misala. Mwatichita zokwanira. Ndili moyo ine, pakhomo pano musapondepo."

Ndinabwerera. Ufa ndinkatumizabe kudzera kwa mwana wasukulu wa m'mudzimo mpaka chimanga chinacha, ndipo sunabwezedwepo. Koma mawu awo ndinawasunga. Ndinakhala kudera limenelo zaka zambiri, ndikudutsa pa mphambano ya kumudzi kwawo popita kumsika, osakhotera.

Zaka zingapo pambuyo pake, mwezi wa Julaye

Uthenga wa maliro unandipeza m'kalasi. Amene anaubweretsa anali mdzukulu wawo wamkazi, ndipo anati agogo ake aakazi anena kuti madamu a Chifalansa abwere ndithu. Ndinadabwa, koma ndinapita. Panjira mtsikanayo anandiuza zimene sindinkadziwa. Zaka zitatu zapitazo a Chirwa anagwidwa sitiroko, mbali imodzi ya thupi inafa, sankathanso kudzuka kapena kudzitembenuza okha. Atatsitsimuka, Chitumbuka chinali chitachoka, Chichewa chinali chitachoka, Chingerezi chomwe. Pakamwa pawo panatsala Chifalansa chokha, ndipo m'mudzi monse munalibe wochimva. Anthu ankangoti ndi misala ija.

Anthu anali ambiri, chifukwa ophunzira awo akale anabwera kuchokera kutali. Tiwonge analipo, ali namwino tsopano, ndipo anandikumbatira. Mphepo ya mwezi umenewo inkalowa mpaka m'mafupa, amayi atadzikulunga zitenje ziwiriziwiri, abambo atazungulira moto. Bokosi linali litakhomedwa kale, lili m'nyumba, akulu a mpingo akukonzekera kulitulutsa. Pamenepo mayi wina anadzandikodola kuti a Nyagondwe akundifuna kuseri.

Ndinawapeza atakhala pamphasa okha, atatsamira khoma la khitchini. Anandilozera pambali pawo. Ndinakhala pansi.

"Sindinakuitanireni kuti tikhululukirane," anatero. "Ndili ndi funso, ndipo palibe wina angandiyankhe. Adada zaka zonsezi ankalankhula zambiri, ine osamva. Koma pali dzina limodzi limene ankaliitana kwambiri, makamaka kukamacha. Ndikufuna mundiuze zoona, musandinyengerere. Ku Falansa kuja anasiyako mkazi?"

"Dzina lanji, amama?"

"Jefuruwa."

Ndinawapempha kuti abwereze. Anabwereza, akutsanzira mawu a amuna awo, mokoka, modandaula.

"Ankaliitana chonchi, akulira, dzanja lamoyo lija atalikulunga pachifuwa ngati akukumbatira munthu. Ine ndinamusambitsa, ndinamudyetsa, ndinamuchotsera zoipa, koma dzina langa silinatuluke pakamwa pake ngakhale kamodzi. Jefuruwa, Jefuruwa basi. Mtima unandipweteka chomene. Ndinasamuka kuchipinda, ndinkagona ndi adzukulu. Akayamba kuitana ndinkati, mbwenu abwere Jefuruwa wakoyo adzakusamale. M'mawa ndinkapeza bulangete lagwera pansi, ndinkati ndi kulimbana ndi maloto a mkazi wakeyo."

Ndinali nditamva kale pamene anabwereza kachiwiri. Silinali dzina. Anali mawu amene mwana aliyense wa Fomu 1 amaphunzira teremu yoyamba, j'ai froid. Ndinayang'ana pansi. Ndinaganiza zonama. Ndikanatha kunena kuti ndi pemphero, kapena dzina la mzinda, ndipo palibe munthu padziko akanandigwira bodza. Koma mayiyu anali atakhala zaka zitatu ndi mkazi wina m'nyumba mwake, ndipo anali atandipempha zoona.

"Amama, si dzina la mkazi. Ku Falansa sanasiyeko munthu."

"Nanga ndi vichi?"

"Ankati, ndikumva kuzizira."

Sanalire. Anakhala chimodzimodzi, maso ali pa nkhuni zimene zinali patsogolo pathu. Milomo yawo inkayenda, akubwereza mawu aja chamumtima. Kutsogolo kwa nyumba amayi a chigwirizano anali atayamba nyimbo yotulutsira maliro.

"Kuzizira," anatero.

"Inde, amama."

"Ndiye ankaitana ine."

A Nyagondwe anagwira khoma n'kudzuka, analowa m'kanyumba ka adzukulu, ndipo anatuluka atanyamula bulangete limene iwo eni ankafunda, lokhuthala, la mizere yofiira. Anazungulira nyumba, ine ndili pambuyo. Anyamata anali atanyamula kale bokosi, afika nalo pakhomo. A Nyagondwe anaima patsogolo pawo n'kuwauza kuti alitsitse, alitsegule. Mkulu wa mpingo anayesa kuwanyengerera kuti nthawi yatha, kumanda anthu akudikira, ndipo bokosi likakhomedwa silitsegulidwanso. Iwo sanakweze mawu. Anangoti saponda kumanda mpaka litsegulidwe, ndipo anakhala pansi pakhomo pomwepo, bulangete lili pamiyendo. Nyimbo inazima. Patapita kanthawi anaitana kalipentala, ndipo anazula misomali umodziumodzi, anthu onse ali chete.

A Chirwa anali atachepa ngati mwana, atavekedwa suti yakuda imene inawakulira. Aka kanali koyamba kuwaona chichokereni ku Mzuzu. A Nyagondwe anafunyulula bulangete lija, koma linkawapulumuka m'manja. Anayang'ana uku ndi uku pakati pa ana awo ndi abale awo onse, kenako maso awo anaima pa ine.

"Iwe," anatero, "gwira uko."

Tinawafunditsa awiri, iwo kumutu, ine kumiyendo, ndipo anapinda m'mbali mosamala kuti mphepo isalowe.